Mlandu wa Mayeso a Sitandade

Pakati pa akuluakulu a m'midzi ya ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke akalipo ena amene, pofuna kutama munthu wophunzira wa masiku ao, amangoti, "Uja anafika Sitandade 6," ndipo mau amenewa akwanira, palibenso wofunsa zina. Dzina limeneli linacoka m'masukulu a Zambia m'zaka zoyamba za ufulu, pamene makalasi anapatsidwa dzina la Giredi, koma m'kamwa mwa anthu silinafe. Ambiri aganiza kuti Sitandade ndi dzina la kalasi cabe. Koma pamene linabadwa ku England m'caka ca 1862 silinali dzina la cipinda kapena la gulu la ana ai. Linali dzina la muyeso, monga mbale imene wogulitsa ufa ayesera pa msika, ndipo nchito yake inali yakuti Boma lidziwe ndalama zimene liyenera kulipira pa mutu wa mwana ali yense. Mbiri ya muyeso umenewu iyenera kumveka kwa munthu amene watsiriza sukulu, makamaka iye amene aganiza za nchito ya uphunzitsi, pakuti ionetsa poyera cimene cimacitika pamene mphunzitsi asokoneza yankho la mwana ndi nzeru za mwana.

Masiku amenewo masukulu a ana a anthu osauka ku England anali m'manja mwa mipingo, monga momwe analiri masukulu a m'dziko lino m'nthawi ya amishoni. Boma linayamba kuthandiza mipingoyo m'caka ca 1833 ndi mapaundi 20,000, ndipo thandizo linakula caka ndi caka kufikira linapitirira mapaundi 800,000 m'caka ca 1861. Akulu a Boma anayamba kufunsa ngati ndalama zonsezi zinali kubala kanthu. Tsono m'caka ca 1858 anasankha bungwe lotsogozedwa ndi Duke wa ku Newcastle kuti lifufuze, ndipo patapita zaka zitatu bungwelo linabweza mau osakondweretsa. Linati aphunzitsi ambiri anali kutaya nthawi yao pa ana ocepa anzeru a m'kalasi la pamwamba, amene anali kuyankha bwino pamaso pa alendo, ndipo ana ang'ono ndi ana ocedwa kumva anali kucoka pa sukulu osadziwa kuwerenga kalata kapena kuwerengera ndalama.

Munthu amene anapatsidwa nchito yokonza zimenezi anali Robert Lowe, nduna yoyang'anira maphunziro. Iye anali munthu wa nzeru zakuthwa ndi wosakonda kuononga ndalama. Anauza a m'Nyumba ya Malamulo kuti sangalonjeze kuti njira yake idzakhala yochipa ndi yabwino pamodzi, koma kuti cimodzi ca ziwirizi cidzaoneka ndithu. Malamulo ake anali otere. Sukulu inali kulandira masheleni 4 pa mwana cifukwa ca kubwera ku sukulu. Pamwamba pake inali kulandira masheleni 8 pa mwana wa zaka zopitirira zisanu ndi cimodzi amene anafika m'kalasi nthawi zopitirira 200 pa caka, ngati wapambana mayeso a kuwerenga, kulemba ndi masamu pamaso pa woyang'anira masukulu wa Boma. Mwana akalephera phunziro limodzi, sukulu inali kutaya masheleni 2 ndi makobiri 8. Akalephera onse atatu, masheleni 8 onse anali kupita. Iwo amene akumbuka ndalama zimene zinali kuyenda m'dziko lino kwaca isanafike m'caka ca 1968 adziwa kuti sheleni inali makobiri 12, ndipo adzaona okha kuti phunziro liri lonse linapatsidwa mtengo wofanana.

Miyeso inali isanu ndi umodzi. Pa Sitandade 1 mwana anayenera kuwerenga kankhani ka mau afupiafupi, kulemba malemba pa sileti monga woyang'anira anali kuwachula, ndi kudziwa manambala kufikira 20. Pa Sitandade 6 anayenera kuwerenga ndime ya m'nyuzipepala, kulemba ndime ina yowerengedwa kwa iye pang'onopang'ono, ndi kuwerengera mtengo wa katundu. Mwana sanaloledwe kuyesedwa kawiri pa muyeso umodzimodzi.

Nkosavuta lero kumseka Lowe, koma woweruza wolungama ayamba wamva mbali yake. Cimene iye anacita cinali ndi cifundo m'kati mwake, ngakhale cifundoco sicinali cimene cinamtuma. Kwa nthawi yoyamba Boma linafuna kuti mwana ali yense aimirire yekha, achulidwe dzina, ndi kumvedwa. Kamwana ka pa benci la kumbuyo, kamene kale palibe anali kukaona, tsopano kanali ndi mtengo wa masheleni 8, ndipo mphunzitsi sakanatha kukaiwala. Kholo limene latuma mwana ku sukulu m'malo momtuma kukaweta ziweto liri ndi cifukwa cofunsira ngati mwanayo atha kuwerenga, ndipo mphunzitsi amene akwiya pofunsidwa funso lotere ali ndi kanthu kamene abisa. Pamenepa Lowe sanalakwe. Colakwa cake cinali kuganiza kuti cimene woyang'anira amva m'mphindi zocepa, tsiku limodzi pa caka, ndico cimene mwana adziwa. Ndiponso kumangirira cakudya ca mphunzitsi ku mphindi zimenezo.

Zotsatira zake sizinacedwe. M'masitandade a pakati lamulo linati mwana awerenge m'buku limene sukulu yake igwiritsa nchito. Aphunzitsi anaona msanga khomo limeneli. Caka conse ana anali kubwereza buku limodzi, tsamba ndi tsamba, mpaka analiloweza pamtima monga nyimbo ya pa mtondo, kotero kuti pa tsiku la mayeso mwana anali kutha kuchula mau onse bwinobwino maso ali pa buku, koma akapatsidwa buku lina la mau omwewo anali kungoti kakasi. Pa masamu anali kuphunzira mitundu ija yokha ya samu imene woyang'anira akonda kufunsa. Maphunziro amene analibe mtengo, monga mbiri ya dziko ndi za maiko, anafota m'masukulu ambiri. Ndipo pamene Boma linawaikira mtengo m'caka ca 1867, naonso anasanduka maina oloweza. Mwana wanzeru sanafulumizidwe, pakuti kumdumphitsa muyeso kunali kutaya ndalama za caka cimodzi. Mwana wocedwa kumva anakumana ndi ndodo, popeza kulephera kwake kunali kucotsa ndiwo pa mbale ya mphunzitsi. Zinamvekanso kuti ana odwala anali kutengedwa pa mphasa kubwera nao ku sukulu pa tsikulo, kuti mutu wao ungawerengedwe. Lonjezo limodzi la Lowe linakwaniritsidwa: pofika 1865 thandizo la Boma linatsika kufika pafupi ndi mapaundi 640,000.

Mmodzi wa iwo amene anatumidwa kukayesa ana anali Matthew Arnold, wolemba ndakatulo wochuka, amene anagwira nchito ya woyang'anira masukulu kuyambira 1851 kufikira 1886. Iye anatsutsa malamulowo poyera m'caka comweco ca 1862, ngakhale anali wanchito wa Boma, ndipo m'malipoti ake a zaka zotsatira sanaleke kudandaula. Anati mayeso asanduka masewera a kucenjerana pakati pa woyang'anira ndi mphunzitsi, ndipo potsiriza mphunzitsi ndiye adzapambana, cifukwa palibe muyeso wolembedwa umene munthu wanjala angalephere kuupezera njira. Anaonanso kuti iye mwini wasanduka mlembi wa zizindikiro. Nthawi imene kale anali kuceza ndi ana ndi kulangiza aphunzitsi tsopano inali kutha pa kuconga maina. Pa mapepala a Boma ana opambana anali ambiri, ndipo zonse zinali kuoneka bwino. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nthenda imeneyi sinayambe ndi Lowe. Iye anangoipatsa malipiro. Zaka zisanu ndi zitatu malamulo ake asanabadwe, m'caka ca 1854, Charles Dickens anaijambula kale m'buku lake la Hard Times. M'menemo mwini sukulu, dzina lake Gradgrind, afunsa kamtsikana kena, Sissy Jupe, kuti kanene cimene kavalo ali. Atate a mtsikanayo anali m'gulu la anthu ocita masewera ndi akavalo, ndipo iye anakulira pakati pa nyamazo. Koma funsolo linamsowetsa conena, ndipo anayesedwa mbuli. Mnyamata wina, Bitzer, anachula miyendo, mano ndi ziboda monga anaziloweza, nayesedwa wanzeru. Dickens anakuza nkhani kuti anthu aseke, monga anali kucitira kawirikawiri, ndipo mwina anamcitira nkhanza Bitzer, pakuti kudziwa mano a kavalo si chimo. Koma cimene analoza ncoona. Funso la Gradgrind silinayese kudziwa kavalo. Linayesa kukumbukira mau a Gradgrind. Mwana wa ku Lundazi amene waweta ng'ombe kuyambira ali wamng'ono, amene adziwa ndi maso okha kuti ng'ombe iyi yadwala, angathe kulephera funso la m'buku lonena za ng'ombe, ndipo kulepherako kunena zambiri za funsolo kuposa za mwanayo.

Komatu Arnold nayenso ali ndi mlandu wake, ndipo anthu amene amtama amaulumpha. Iye anakonda njira yakale, imene woyang'anira anali kufunsa kalasi lonse pamodzi ndi kumva ngati muli moyo m'menemo. Koma njira imeneyi ndiyo imene bungwe la Newcastle linaipeza ikubisa ana ofooka. Funso likaponyedwa kwa gulu, ayankha ndi ana atatu kapena anai a kutsogolo, ndipo mlendo acoka wokondwa. Ali yense amene anaphunzira m'masukulu a m'dziko lino adziwa mtundu wina wa cinthu cimeneci. Mphunzitsi afotokoza, natembenuka, nafunsa, "Mwamva?" Ndipo kalasi lonse liyankha ndi mau amodzi, "Inde, aphunzitsi!" Kapena ayamba liu nalisiya pakati, ana nalitsiriza pamodzi. Phokoso lotere likondweretsa khutu, ndipo lithandiza ana amanyazi kutsegula pakamwa, koma siliyesa kanthu. Mwana woleredwa bwino sangauze munthu wamkulu pamaso pa anzake kuti, "Simunafotokoze bwino." "Inde" wake ndi ulemu. Ndipo amene sanamve angotsata milomo ya mnzake, monga munthu wosadziwa nyimbo abisala m'gulu la oyimba. Cotero Lowe anamva mwana mmodzimmodzi koma anamfunsa zoloweza, ndipo Arnold anafuna mafunso amoyo koma anali wokonzeka kumva gulu. Ali yense anagwira mbali imodzi.

Dzina la Sitandade linaoloka nyanja pamodzi ndi amishoni ndi akulu a maphunziro a Boma la Britain. Ku Northern Rhodesia Boma linakhazikitsa cigawo coyang'anira maphunziro a anthu akuda m'caka ca 1925, pansi pa G. C. Latham, ndipo mayeso anayamba kulemera pa cifukwa cina. Khomo linali lopapatiza. Sukulu ya sekondale ya Munali inayamba m'caka ca 1939, ndipo pa nthawi ya ufulu m'caka ca 1964 anthu a m'dziko lino amene anatsiriza maphunziro a yunivesite anali pafupi ndi 100 okha. Pamene malo ali ocepa ndipo ofuna ali ambiri, mayeso aleka kufunsa kuti mwana adziwa ciani, nayamba kufunsa kuti atsale ndani. Mphunzitsi salandira masheleni 8 pa mutu wa mwana, koma alandira mbiri: mudzi wonse udziwa ana angati a m'kalasi lake anasankhidwa. Malipiro a mbiri akoka munthu monga malipiro a ndalama, ndipo abala zipatso zomwezo, ndizo kubwereza mapepala a mayeso a zaka zapita ndi kusiya ana amene aoneka kuti sadzapambana. Pamwamba pa zimenezi, kuyambira 1966 Cingelezi cinakhala cinenero cophunzitsira kuyambira kalasi loyamba, ndipo cinakhala cotero zaka zambiri. Mwana amene sanamve cinenero analibe njira ina koma kuloweza, ndipo mphunzitsi sanathe kudziwa ngati mwanayo walephera samu kapena walephera Cingelezi.

Mayeso a kumapeto sangathetsedwe, ndipo mphunzitsi mmodzi alibe mphamvu pa iwo. Koma kuyesa kumene kuthandiza mwana kucitika masiku ena onse a caka, pamene nthawi yokonza ikalipo. Mai wophunzitsa mwana wake kuphika sadikira tsiku la alendo kuti adziwe ngati nsima iri ndi mibulu. Aima pambali, aona m'mene mthiko ugwiridwira, nanena pomwepo. M'caka ca 1998 aphunzitsi awiri a ku King's College ku London, Paul Black ndi Dylan Wiliam, anasonkhanitsa zofufuza pafupi ndi 250 za nkhani imeneyi, napeza kuti kuyesa kwa tsiku ndi tsiku, kumene mphunzitsi asintha nako kaphunzitsidwe kake, kukweza ana koposa, ndipo opindula kwambiri ndi aja ofooka, omwe aja Lowe anafuna kuwapulumutsa ndi masheleni ake.

Citsanzo cimodzi cikwanira. Mwana apatsidwa samu yakuti acotse 17 pa 42, nalemba 35. Woyang'anira wa 1862 akanangolemba mtanda ndi kucotsa masheleni 2 ndi makobiri 8. Mphunzitsi wofulumira acitanso cimodzimodzi ndi inki yofiira. Koma 35 si yankho la mwana wosaganiza. Iye waona 2 ndi 7, ndipo popeza anauzidwa kale kuti nambala yaikulu siicotsedwa pa yaing'ono, wacotsa 2 pa 7 napeza 5. Kenaka wacotsa 1 pa 4 napeza 3. Ali ndi lamulo lake, ndipo alitsata mokhulupirika; lamulolo ndilo lolakwa. Adzapambana samu iri yonse yosafuna kubwereka, nadzalephera iri yonse yofuna kubwereka, ndipo pa mapeto a mwezi adzapatsidwa theka la mamalikisi ndi mau akuti alimbikire. Kulimbikira sikudzamthandiza, cifukwa adzangolimbitsa lamulo lake. Cimene cingamthandize ndi funso limodzi lakuti, "Tandiuza, 5 uyu wamupeza bwanji?" Ndipo ngati ana khumi alemba 35, pamenepo woyesedwa ndi mphunzitsi, pakuti phunziro la dzulo silinafike.

Funso lotere lifuna kudekha, ndipo apa ndi pamene aphunzitsi ambiri agwa. Mai wina wa ku America wofufuza za kaphunzitsidwe ka sayansi, Mary Budd Rowe, anachera khutu ku makalasi ambiri kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, napeza kuti mphunzitsi akafunsa funso adikira pafupi ndi sekondi imodzi yokha asanaloze mwana wina kapena kuyankha yekha. M'sekondi imodzi munthu angathe kukumbuka cimene analoweza, koma sangathe kuganiza. Pamene aphunzitsi anaphunzira kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika, ndipo ana amene kale anali cete anayamba kulankhula. Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma m'kalasi kukhala cete masekondi atatu kuoneka ngati caka, ndipo mphunzitsi wacinyamata aopa kuti ana angamuyese wosowa conena.

Wina adzati zonsezi nzabwino kwa mphunzitsi wa ana makumi awiri, koma wa ana makumi asanu ndi awiri angamve bwanji ali yense? Kudandaula kumeneku nkoona, ndipo munthu amene sanaimirirepo pamaso pa gulu lotere asafulumire kuweruza. Komabe cida cimodzi cinalipo kale m'kalasi la Sitandade 1 la Lowe, ndico sileti. Ana onse akalemba yankho pa sileti kapena pa kapepala, nakweza pamodzi, mphunzitsi aona mayankho makumi asanu ndi awiri m'kamphindi, ndipo palibe angabisale m'mau a mnzake. Sizifuna ndalama zambiri. Zifuna mphunzitsi amene saopa kuona kuti theka la kalasi silinamve.

Ku England Boma linayamba kumasula malamulo a Lowe m'caka ca 1890, ndipo zaka za m'ma 1890 zisanathe kulipira masukulu monga mwa mayeso a mwana mmodzimmodzi kunatha. Arnold sanaone tsikulo, pakuti anamwalira m'caka ca 1888. Koma panali woyang'anira wina, Edmond Holmes, amene anayesa ana zaka zambiri pansi pa malamulowo, nakwera kufikira anakhala mkulu wa oyang'anira masukulu a ana. Atapuma nchito anatulutsa buku m'caka ca 1911 lotsutsa njira imene iye mwini anaitumikira, ndipo sanabise manyazi ake. Cimene cinamsautsa koposa ndi cimene anapeza poyendera masukulu malamulowo atafa kale. Aphunzitsi ambiri, amene anakulira m'njira imeneyo ali ana naiphunzira ali anyamata, anali kuphunzitsabe monga ngati woyang'anira adzafika mawa ndi buku lake la masheleni.